Timabuku ta Donald Duck tomwe bambo anasiya m'sutikesi: tigulitse kapena tiwapatse ana?

Funso: Bambo anga atamwalira chaka chatha, tinapeza m'sutikesi yawo timabuku ta makatuni pafupifupi 40, tomwe ndikukhulupirira kuti anabwera nato kuchokera ku Bulawayo kumene ankagwira ntchito ali mnyamata. Tambiri ndi ta Donald Duck, Uncle Scrooge ndi Bugs Bunny, pachikuto tina talembedwa Dell, tina Gold Key, ndipo mapepala ake anafiira kale. Kodi timabukuti tinachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani muli nyama zokhazokha zovala malaya? Ndili ndi ana awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 11; kodi n'toyenera kuti awerenge? Achimwene anga akuti tingogulitsa chifukwa zinthu zakale ngati zimenezi zimakhala za ndalama zambiri.

Yankho: Pepani, mayi, ndi imfa ya bambo anu, ndipo mwachita bwino kufunsa musanataye kapena kugulitsa kanthu. Langizo langa ndi lakuti musathamangire kumsika, komanso musawapatse ana sutikesi yonse nthawi imodzi. Muyambe mwawerenga inuyo kabuku kalikonse, chifukwa mwa timabuku totere muli nkhani zina zomwe ndimaziika m'gulu la zabwino koposa zimene zinalembedwapo za ana, komanso muli zithunzi zina zonyoza anthu akuda zimene mwana wa zaka 8 sayenera kukumana nazo ali yekha.

Timabukuti ndi ta ku America. Kabuku ka makatuni kogulitsidwa pakokha, komangidwa ndi timawaya tiwiri pakati, kanakhazikika kumeneko m'ma 1930, ndipo mtengo wake unali masenti 10, ndalama imene mwana akanatha kuipeza yekha. Nthawi yomweyo nyumba zoonetsera mafilimu zinkayamba chionetsero chilichonse ndi kakatuni kakafupi, kotero ana a ku America ankawadziwa kale Mickey Mouse, Donald Duck, Porky Pig ndi anzawo asanawaone papepala. Kampani yosindikiza mabuku yotchedwa Western, ya mumzinda wa Racine m'boma la Wisconsin, ndiyo inali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito nyama za Disney ndi za makampani ena a mafilimu. Western inkalemba ntchito olemba ndi ojambula n'kusindikiza timabukuto, pamene kampani ya Dell ya ku New York inkaikapo ndalama ndi kutifalitsa m'masitolo, ndipo n'chifukwa chake dzina limene mukuliona pachikuto ndi Dell ngakhale kuti ntchito yeniyeni inkagwiridwa ndi Western. Mu October 1940 anayambitsa magazini ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Walt Disney's Comics and Stories, mu 1941 anatulutsa ya Bugs Bunny ndi anzake a ku kampani ya mafilimu ya Warner, ndipo pofika 1942 Andy Panda wa Walter Lantz, wopanga makatuni wina, komanso Tom ndi Jerry anali atalowa nawo m'gulumo.

Makampani ena ataona kuti malondawa akuyenda, nawonso anadzaza msika ndi akalulu, mbewa, nkhumba ndi agologolo awoawo. Fawcett inatulutsa Hoppy the Marvel Bunny mu 1942, kalulu wokhala ndi mphamvu zodabwitsa. Timely, yomwe lero ndi Marvel, inali ndi Super Rabbit. Kampani yomwe lero ndi DC inayambitsa Funny Stuff mu 1944 ndipo kuyambira 1945 inkasindikiza nkhani za nkhandwe ndi khwangwala, The Fox and the Crow, zomwe zinapitirira mpaka 1968. Ambiri mwa ojambula nkhanizi anali anthu ogwira ntchito m'makampani a mafilimu a makatuni amene ankajambula timabuku madzulo kuti apezeko ndalama zapadera. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, chidwi cha ngwazi zouluka chinazilala, ana anabadwa ochuluka kwambiri ku America, ndipo nyama zoseketsa ndizo zinatenga malo aakulu. Cha m'ma 1953 Walt Disney's Comics and Stories inkagulitsidwa makope oposa 3 miliyoni mwezi uliwonse. Mu 1954, pamene dokotala wa matenda a maganizo Fredric Wertham ndi komiti ya nyumba ya Senate anadzudzula timabuku ta upandu ndi zoopsa kuti tikuwononga achinyamata, makampani ambiri anakhazikitsa bungwe lodziunika okha lotchedwa Comics Code Authority, koma Dell inakana kulowamo ponena kuti mabuku ake ndi oyera kale, ndipo m'malo mwake inayamba kusindikiza lonjezo lake kwa makolo m'kati mwa timabuku take. Ngati muona lonjezo lotero m'kabuku kena, dziwani kuti kanatuluka pambuyo pa 1954.

Kudziwa zaka za timabuku tanu sikovuta. Yang'anani timalemba ting'onoting'ono pansi pa tsamba loyamba kapena m'kati mwa chikuto, pamene pamalembedwa dzina lenileni la magazini, nambala yake, mwezi ndi chaka. Western inasiyana ndi Dell mu 1962 n'kuyamba kusindikiza pansi pa dzina lakelake la Gold Key, choncho ta Disney ndi ta Bugs Bunny tolembedwa Dell ndi ta 1962 kapena kale kuposa apo, pamene ta Gold Key ndi ta pambuyo pake. Mtengo umathandizanso: masenti 10 ndi wa zaka za m'ma 1940 ndi 1950, masenti 12 ndi wa pakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo masenti 15 angakhale a 1961 pamene Dell inakweza mtengo kapena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Gold Key inkakonda kusindikizanso nkhani zakale, ndiye kabuku ka 1967 kangathe kukhala ndi nkhani yomwe inalembedwa mu 1952.

Funso lanu loti n'chifukwa chiyani nyama zokhazokha ndi limene landikondweretsa koposa, chifukwa ife amene tinakula ndi nthano za Kalulu, Fisi ndi Kamba tili ndi poyambira pabwino pomvetsa nkhaniyi kuposa mmene ambiri amaganizira. Timadziwa kuti agogo akamanena za Fisi amene anafa ndi dyera sakuphunzitsa za nyama ya m'tchire, koma akunena za munthu amene mwina wakhala pabwalo pomwepo, ndipo nkhope ya nyama imathandiza kuti mawuwo alowe popanda wina kuchita manyazi kapena kupsa mtima. Ubalewu si wongoyerekeza chabe. Anthu a ku Africa amene anatengedwa ukapolo anapita ku America ndi nthano za kalulu wochenjera, ndipo nthanozo zinasonkhanitsidwa ndi Joel Chandler Harris kuyambira 1880 pansi pa dzina la Br'er Rabbit, yemwe pambuyo pake analowa m'filimu ndi m'timabuku ta Disney mu 1946. Nkhani ya kalulu amene anamatirira pa chidole cha phula imafanana kwambiri ndi yathu ija ya Kalulu amene anakana kukumba chitsime nthawi ya chilala, n'kumaba madzi usiku, mpaka anakodwa pa ulimbo. Mwana wanu akamaona Bugs Bunny akupusitsa mlenje wamfuti, sadzavutika kuzindikira mtundu wa khalidwe limene akuona.

Pali kusiyana kumodzi kumene ndikufuna kuti mukuone. M'nthano zathu nyama imasungabe chibadwa chake: Kamba amayenda pang'onopang'ono, Fisi amanunkhiza nyama yowola, Njovu imadalira thupi lake. M'timabuku tabwino ta ku America chibadwa cha nyama chinatha pafupifupi chonse. Donald Duck sakhala m'madzi, sadya ndere, ndipo sauluka. Ali ndi nyumba, kagalimoto kakale, ngongole, mnansi amene amakangana naye pa mpanda, ndi ntchito zimene amazipeza n'kuchotsedwa sabata yomweyo. Ndi bambo wa m'tauni wovala mlomo wa bakha. Choncho poyesa kabuku kalikonse musadzifunse ngati nyamazo n'zokongola, koma muyese nkhaniyo ngati nkhani ya anthu: kodi wochita zoipa akuoneka bwanji, kodi wosauka akuchitiridwa chiyani, kodi mlendo akujambulidwa motani.

Munthu amene anachititsa kuti timabuku ta abakha tikhale tosiyana ndi tina tonse ndi Carl Barks, ndipo ngati sutikesi ya bambo anu ili ndi Uncle Scrooge wa Dell, mosakayika muli ntchito yake. Barks anabadwa mu 1901 pafupi ndi tauni ya Merrill ku Oregon, anakulira pamunda, sukulu sanapite nayo patali, ndipo asanadalire kujambula anagwirako ntchito zolemetsa monga kudula mitengo ndi kukonza mabogi a sitima. Analowa ku Disney mu 1935, anachokako mu 1942 n'kukayesa kuweta nkhuku ku San Jacinto ku California, ndipo chaka chomwecho, mothandizana ndi Jack Hannah, anajambula kabuku kake koyamba ka Donald Duck konena za chuma cha achifwamba a panyanja. Kuyambira 1943 ankalemba ndi kujambula yekha nkhani ya masamba 10 pafupifupi mwezi uliwonse, kuwonjezera pa nkhani zazitali za maulendo, ndipo pamene ankapuma ntchito mu 1966 anali atapanga nkhani pafupifupi 500. Dzina lake silinkalembedwa paliponse, popeza pankangosainidwa Walt Disney, amene sanajambule ngakhale tsamba limodzi la timabukuti. Ana okha ankazindikira kuti pali wojambula wina amene abakha ake amaoneka amoyo kuposa a enawo, ndipo ankangomutchula kuti wojambula wabwino uja, mpaka cha m'ma 1960 pamene okonda ntchito yake anafufuza n'kupeza dzina lake. Anamwalira mu 2000 ali ndi zaka 99. Zimandikhudza ndikaganiza kuti munthu amene nkhani zake zinkawerengedwa ndi ana mamiliyoni mwezi ndi mwezi anagwira ntchito zaka pafupifupi 20 osadziwa bwinobwino kuti kunja kuli anthu omuyamikira.

Barks ndiye anapanga Scrooge McDuck, amene anaoneka koyamba mu December 1947 ngati nkhalamba yaumbombo yokhala yokha m'chinyumba, ndipo pofika 1952 anali ndi kabuku kakekake. Anapanganso Gladstone Gander wamwayi wosagwira ntchito mu 1948, mbava zotchedwa Beagle Boys mu 1951, katswiri wopanga makina Gyro Gearloose mu 1952, ndi mfiti Magica De Spell mu 1961. Chimene owerenga a ku America ankachiona ngati chachilendo, choti m'banjamo mulibe bambo ndi mwana koma amalume okhaokha, kwa ife ndi chinthu chodziwika bwino. Huey, Dewey ndi Louie, amene anaoneka koyamba m'nyuzipepala mu 1937, ndi ana a mlongo wake wa Donald, ndipo Donald ndiye akuwalera. Scrooge nayenso, malinga ndi mndandanda wa banja umene Barks analemba ndipo wojambula wina wotchedwa Don Rosa anaukulitsa pambuyo pake, ndi mlongo wa amayi ake a Donald. Ndiye kuti nkhani zonsezi zikuchitika pakati pa atsibweni ndi mbumba yawo. Mwana wa Chichewa amene amadziwa udindo wa malume adzaona msanga kuti Donald, ngakhale ndi waukali ndi wodzikuza, sataya ana a mlongo wake zikavuta, komanso kuti Scrooge, amene amalipira Donald masenti 30 pa ola pa ntchito yoika moyo pachiswe, akulephera pa chimene malume wolemera amayembekezeredwa kuchita. Apa pali nkhani yabwino yokambirana ndi wa zaka 11 uja.

Ndikupatseni chitsanzo chimodzi kuti muone kuya kwa nkhanizi. Mu 1951 Barks analemba nkhani ya masamba 10 imene Scrooge ali ndi munda ndipo ndalama zake zonse wazisunga m'nkhokwe ya chimanga. Kamvuluvulu wamkulu akubwera n'kuulutsa ndalamazo, kuzimwaza m'dziko lonse, moti aliyense akutola zomukwanira kukhala mpondamatiki. Donald akutaya khasu, anthu onse akusiya ntchito kuti akadyerere, koma kulikonse kumene akupita akupeza kuti wogulitsa mafuta, woyendetsa basi ndi wophika chakudya nawonso atseka n'kupita kokadyerera. Scrooge ndi ana atatu aja akupitiriza kulima, ndipo njala itawawa anthu akubwera kudzagula mazira ndi ndiwo pa mitengo yoopsa mpaka ndalama zonse zibwerera m'nkhokwe muja. Mwana wa zaka 8 amaseka nkhope ya Donald, koma wa zaka 11 amayamba kufunsa chifukwa chake ndalama zikachuluka popanda katundu mitengo imakwera, ndipo funso limeneli silachilendo m'nyumba zathu. Mu 1954 anabwereza mutuwu mwanjira ina: Scrooge, atatopa ndi chuma, akuthawira kuchigwa cha kumapiri a Himalaya kumene anthu sadziwa ndalama, koma chitsekerero cha botolo la mankhwala ake chimene anachitaya chikusanduka chinthu chosowa cholimbirana, ndipo mtendere wa chigwacho ukutha. Simuyenera kugwirizana ndi maganizo onse a Barks pa za chuma, ndipo ine sindigwirizana nawo onse, koma n'zoonekeratu kuti ankalemekeza nzeru za mwana ndipo sankamuyankhula ngati chitsiru.

Luso lake lili ngakhale m'kayalidwe ka tsamba. Nthawi zambiri ankagawa tsamba m'mizere inayi ya timabokosi tiwiritiwiri, n'kuonetsetsa kuti kabokosi komaliza kali ndi kanthu kokakamiza wowerenga kutembenuza tsamba, ndipo pa mphindi yaikulu ya nkhani, monga damu la ndalama likamaphulika, ankapereka theka la tsamba ku chithunzi chimodzi. Mabwinja, zombo ndi mapiri ankazijambula poyang'ana zithunzi za m'magazini ya National Geographic, n'chifukwa chake abakha oseketsa amaoneka akuyenda m'malo ooneka enieni. Kwa mwana amene akuphunzira Chingerezi, kayalidwe kotere ndi thandizo lalikulu, popeza chithunzi chimamuuza theka la tanthauzo asanalimbane ndi mawu.

Ta Bugs Bunny, Porky Pig ndi Tom ndi Jerry, kunena zoona, n'tofooka poyerekeza ndi ta abakha. Mphamvu ya nyamazi m'mafilimu inali m'liwiro, m'mawu ndi m'nyimbo, zinthu zimene pepala silingasunge, ndipo olemba a Western anazifewetsa kuti zikhale zaulemu. Sitoipa, ndipo wa zaka 8 angatikonde chifukwa mawu ake ndi osavuta, koma musadabwe ngati inuyo mwatopa nato. Mukapezamo Pogo wa Walt Kelly, amene anayambira m'magazini ya Dell yotchedwa Animal Comics kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1940 n'kusamukira m'nyuzipepala mu 1948, mukasunge bwino chifukwa zojambula zake n'zapamwamba, ngakhale kuti Chingerezi chake chopotozedwa mwadala n'chovuta ngakhale kwa akuluakulu.

Tsopano za chimene ndakuuzirani kuti muyambe mwawerenga nokha. Nkhani zambiri za m'timabukuti zinalembedwa nthawi imene ku America kunali tsankho lokhazikitsidwa ndi malamulo ndipo pafupifupi Africa yense anali pansi pa atsamunda, ndipo ojambula ake, ngakhale aluso ngati Barks, anatengera zithunzi zimene zinali ponseponse masiku amenewo. Abakha akafika ku Africa, kawirikawiri amakumana ndi anthu a milomo yaikulu mopitirira, a mafupa m'mphuno, onyamula mikondo, oyankhula Chingerezi chothyokathyoka, amantha ndi osavuta kunamiza. Taonani chimene chikuchitika apa: anthu a ku Duckburg, tauni imene Donald amakhala, apatsidwa nkhope za abakha ndi agalu kuti wowerenga aliyense adzione mwa iwo, pamene munthu wakuda wajambulidwa kuti asekedwe. Nkhani ya Barks ya 1949 yotchedwa Voodoo Hoodoo ndi chitsanzo chovuta, chifukwa imavomereza poyera kuti Scrooge ali mnyamata analemba ganyu zigawenga kuti zithamangitse anthu a mudzi wina wa ku Africa pofuna malo olimapo mitengo ya labala, koma nkhani yomweyo imajambula anthu olandidwa malowo m'njira yonyoza, moti osindikiza a pambuyo pake anasintha nkhope zina. Amwenye a ku America, Aarabu ndi anthu a ku Asia nawonso amachitiridwa zofanana m'nkhani zina. Mu 1971 ku Chile, Ariel Dorfman ndi Armand Mattelart analemba buku lodzudzula timabuku ta Disney kuti timaphunzitsa ana kuona chuma cha mayiko osauka ngati chongodikira mlendo wochenjera kuti adzachitole. M'malo ena anakokomeza, koma pa mfundo imeneyi ndikuona kuti ananena zoona, ndipo kholo la ku Africa siliyenera kuinyalanyaza.

Ndiye muchite motere. Mugawe timabukuto m'milu itatu. Mulu woyamba ukhale wa nkhani za kunyumba ndi za m'tauni, za mpikisano wa Donald ndi Gladstone, za ana atatu ndi gulu lawo la Junior Woodchucks, za Scrooge ndi mbava. Izi ana angawerenge okha. Mulu wachiwiri ukhale wa maulendo a kumayiko ena amene ali ndi zithunzi zokayikitsa pang'ono, ndipo awa muwerenge pamodzi ndi wamkuluyo, n'kumufunsa kuti amene anajambula anthu awa anawaonapo kapena anangomva, komanso kuti anthu a m'mudzimo akanati afotokoze okha nkhaniyo ikanamveka bwanji. Mulu wachitatu, wa zonyoza poyera, muusunge pamwamba mpaka atakula. Sindikulangiza kuti muuwotche, chifukwa ndi umboni wa mmene dziko linkationera ndipo tsiku lina adzafuna kuumvetsa. Yembekezeraninso kuona mfuti, mabomba, ndudu ndi kukwapula ana zikuchitidwa ngati nthabwala. Pankhani ya chiyankhulo, mawu onse alembedwa m'zilembo zazikulu, muli mawu achinyamata a ku America a zaka 70 zapitazo, ndipo Barks sankaopa mawu ataliatali. Njira imene ndimaikonda ndi yoti mwana awerenge tsamba mokweza, kenako alifotokoze m'Chichewa ngati akukamba nthano, chifukwa apo m'pamene mumadziwa ngati wamva nkhani kapena wangotchula mawu. Akafika pa Flintheart Glomgold, mdani wa Scrooge amene Barks anamupanga mu 1956, adzasangalala kuona kuti nkhokwe yake ya ndalama ili m'chigwa cha Limpopo ku South Africa.

Ku America timabuku totere tinayamba kuchepa mphamvu m'ma 1960 pamene wailesi ya kanema inayamba kuonetsa makatuni kwaulere Loweruka m'mawa, ndipo Western inasiyiratu kusindikiza mu 1984. Ku Ulaya sitinafe: Topolino ya ku Italy, Kalle Anka ya ku Sweden yoyamba mu 1948, Aku Ankka ya ku Finland ndi Micky Maus ya ku Germany zoyamba mu 1951, komanso Donald Duck ya ku Netherlands yoyamba mu 1952, zikutulukabe. Izi zikukukhudzani chifukwa nkhani za Barks zasindikizidwanso kambirimbiri, ndipo kuyambira 2011 kampani ya Fantagraphics yakhala ikuzitulutsa m'mabuku a zikuto zolimba. Ngati ana akonda nkhani inayake mpaka kufuna kuiwerenga tsiku lililonse, ndi bwino kupempha m'bale wa kunja akugulireni buku latsopano kusiyana ndi kumaliza kabuku ka agogo awo.

Za ndalama, achimwene anu akulondola pang'ono chabe. Pali timabuku tochepa timene osonkhanitsa amatifunadi, monga ka Donald Duck ka 1942 kaja, komwe ndi nambala 9 m'ndandanda wa Dell wotchedwa Four Color, nambala 178 momwe Scrooge anaonekera koyamba, ndi nambala 386 komwe ndi Uncle Scrooge woyamba. Koma popeza timabuku ta Dell tinkasindikizidwa mamiliyoni ndipo makolo sankatiwotcha ngati ta upandu, tambiri tilipobe tochuluka, ndipo ta Gold Key n'totsika mtengo kuposa apo. Mtengo umadalira kwambiri maonekedwe. Ogula amayesa kabuku pa sikelo yofika pa 10, imene kampani ya CGC yakhala ikugwiritsa ntchito kuyambira 2000, ndipo kabuku kong'ambika msana, kofiira, kolembedwa dzina pachikuto kapena kodyedwa m'mphepete kamagwera pansi penipeni, pamene kopanda chikuto sikagulidwa n'komwe pokhapokha kakhale kosowa kwambiri. Mukaonjezapo mtengo wotumiza kunja, nthawi zambiri palibe chotsala. Lembani mndandanda wa dzina, nambala ndi chaka cha kabuku kalikonse, muyerekeze pa intaneti ndi mitengo imene timabuku tofanana tinagulitsidwadi, osati imene ogulitsa akungoitanitsa, ndipo muwaonetse achimwene anu zotsatira zake kuti nkhaniyi ithe mwamtendere pabanja. Munthu akabwera n'kunena kuti agula sutikesi yonse pamtengo umodzi musanalembe mndandandawo, mukane.

Pepala la timabukuti ndi lofanana ndi la nyuzipepala, lopangidwa ndi mtengo wopera umene uli ndi asidi, ndipo ndi asidiyo amene amalifiiritsa ndi kuliumitsa mpaka kuthetheka; kutentha ndi kuwala zimafulumizitsa zimenezi, ndipo kufiirako sikubwerera. Mutichotse m'sutikesi ngati ili ya chitsulo kapena ikununkha nkhungu, mutiyale chogona m'katoni youma m'milu ing'onoing'ono, ndipo muike katoniyo pashelefu m'chipinda chozizirira, osati pansi pamene chiswe chimafika kapena pafupi ndi malata pamene kumatentha. Nyengo ya mvula muzitsegula katoniyo mwezi uliwonse kuona ngati mwalowa chinyezi kapena mphemvu. Musamate pong'ambika ndi selotepi, chifukwa guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga losachoka, ndipo musatikutire ndi pulasitiki wotenthetsa ngati amene amakutira ziphaso. Ngati timawaya ta pakati tachita dzimbiri, kabukuko mukaike pakokha ndi pepala loyera mbali zonse kuti dzimbirilo lisadetse tinzake. Ana akamawerenga asambe m'manja, akagoneke kabukuko patebulo, ndipo asakapinde msana chobweza. Pomwe mukulemba mndandanda uja, muyang'anenso m'kati mwa zikuto ngati bambo anu analembamo dzina lawo, tsiku kapena malo amene anagula, ndipo zimenezo muzilembe pambali pa nambala ya kabukuko.